Madzi a Sadaka

Mutu 6

1. Kabotolo kada

Kabotolo kanali katada bii.

Kafunse anakatola pa shelefu ya m'labotale n'kukakweza cha pawindo, ngati kuti dzuwa likanakayeretsa. Timabotolo tinzake, ta madzi a pamsika, a kusukulu ya pulayimale ndi a pamjigo wa m'mbali mwa msewu, tinali mbee pamzere. Koma aka, kamene iye mwini anakalemba kuti "mzikiti", kanali ngati munthu wasungunuliramo makala.

Ntchito ya timabotolo timeneti ndi yosavuta. Umathiramo madzi, n'kutseka, n'kusiya pofunda. Madziwo akakhala kuti akusakanikirana ndi zoipa za m'chimbudzi, amada.

"Mwina tinalakwitsa potunga," anatero Kafunse.

"Kulakwitsa kawiri konse?" anayankha Magalasi, akumuonetsa kabotolo kena. Nakonso kanali bii. "Ndayezanso ndi makina. Aise, madzi a kwanu aja si omwa munthu."

Magalasi anali mnyamata wophunzira sayansi ya zaumoyo. Chaka chimenecho yunivesite inalamula kuti aliyense wa maphunziro a Chisilamu achite kafukufuku wake ndi mnzake wa phunziro lina, wina ndi wa zamalamulo, wina ndi wa zachuma. Kafunse anagwera pa Magalasi, munthu woti Chiarabu sadziwa ngakhale chilembo chimodzi, koma tizilombo amatidziwa ngati abale ake. Mutu wawo unali wa madzi: zimene mabuku a chipembedzo amanena pa ukhondo wa madzi, ndi zimene makina a m'labotale amaona.

Mutuwo anausankha ndi Kafunse, ati ndi wophweka. Nanga si anakulira m'bwalo la mzikiti, m'nyumba ya amalume ake, a Shehe, amene anamutenga mayi ake atamwalira? Dzina loti Kafunse anamupatsa ndi amalume akewo, chifukwa ali mwana sankalola chinthu kudutsa osachifunsa. Lero mafunso ake anali atamubweretsera yankho losamezeka.

Panalinso china. Mzime wa amalume ake, kamtsikana ka ku madrasa, sukulu ya chipembedzo ya pamzikiti, kanali m'chipatala ndi matenda otsegula m'mimba, diripi ili pamkono. Kunyumba ankati kanadya zosapsa kusukulu.

Magalasi anatulutsa foni. "Ndijambule, ndiponye pagulu lija la pafoni la m'dera mwanu. Anthu achenjere."

"Ukangoponya, magalasi akowo ndikuswera."

"Nde tingokhala chete anthu azimwa chimbudzi?"

Mawu awo anakwera mpaka chitseko chinatseguka. Anali Adokotala, mayi amene ankayang'anira kafukufuku wawo.

2. Mawu a Adokotala

Adokotala anali mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, moti aliyense ankakakamizika kukhala chete kuti amve. Anayang'ana timabotolo tija, anawerenga dzina lolembedwapo, kenako anayang'ana Kafunse.

"Khalani pansi nonse. Iwe Magalasi, bweza foniyo m'thumba. Ukaponya chithunzicho, pofika madzulo nkhani sikhalanso ya madzi. Ikhala ya Asilamu ndi amene si Asilamu, ya yunivesite imene yabwera kudzanyoza mzikiti. Akuluakulu azikatukwanana pafoni, ana akumwabe madzi omwewo. Nkhani ikatuluka molakwika siibwezeka.

"Ndipo iwe Kafunse, usandiyang'ane ngati ndikuti tibise. Sitinakuphatikizeni awirinu kuti tikuzunzeni ayi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Uyu akapita yekha kwa a Shehe, akayamba kutchula mayina a tizilombo, ndipo akamuonetsa geti. Iwe ukanakhala wekha ndi mabuku ako, bwenzi utawayang'ana madziwo, kuwanunkhiza, kuwalawa, n'kulemba kuti ali bwino, ife n'kukuombera m'manja. Uyu akuona zimene iwe sungaone. Iwe ungalankhule m'njira imene anthu aja angamve. Pita ukawauze eni madzi, mwaulemu, ndi mawu a m'mabuku awo omwe. Ine ndiimba ku ofesi ya zaumoyo lero lomwe, chifukwa ndi udindo wanga. Koma aja ukuwadziwa, ntchito ndi yambiri, galimoto ndi imodzi. Sabata ino sangafike."

"Mawa ndi Lachisanu, madamu," anatero Kafunse. "Mzikiti umadzadza mpaka panja."

"N'chifukwa chake ndati upite lero."

3. M'chipinda cha mabuku

Kafunse anawapeza amalume ake atangotuluka ku swala, pemphero la masana, atakhala m'chipinda chawo cha mabuku. Mashelefu anali atapindika pakati chifukwa cha kulemera, ndipo pakona panali mulu wa mabuku ena odikira shelefu imene kalipentala ankalonjeza chaka chilichonse. A Shehe anali atavula kofiya, maso ali psuu ndi tulo ta kuchipatala.

Kafunse anapereka moni, n'kuika kabotolo patebulo. Anafotokoza zonse. Thanki ya mzikiti inali yapansi, yasimenti, yomangidwa moyandikana ndi dzenje la zimbudzi. Magalasi ankaganiza kuti khoma lake lang'ambika penapake.

A Shehe anadzuka. Anatenga kapu yagalasi, anatuluka, n'kubwera nayo itadzadza madzi a pampope wa mzikiti. Anaiika pafupi ndi kabotolo kaja.

"Ndinakuphunzitsa ndine. Madzi ochuluka ngati a m'thanki muja timawayesa ndi zinthu zingati?"

"Zitatu, malume. Mtundu, fungo ndi kakomedwe."

"Mtundu wasintha?"

"Ayi."

"Nunkhiza."

Kafunse ananunkhiza. Sanamve kanthu. A Shehe anatenga kapuyo n'kumwa theka lonse, iye akuyang'ana. 

"Tsopano tchera khutu, mwana wa mlongo wanga. Maphunziro ndi abwino, ndipo ndinakutumiza ndine ku yunivesite, anthu akundinena kuti ndikuononga mtsikana. Koma maphunziro amaledzeretsa. Munthu akadziwa chinthu chimodzi chatsopano, amayesa kuti onse amene anabadwa iye asanabadwe anali mbuli. Ukudziwa zimene anthu akamve ukanena kuti madzi aja ndi oipa? Akamva kuti ndi najisi, odetsedwa mwa chipembedzo. Akamva kuti udhu umene akhala akupanga zaka zonsezi, kusamba kokonzekera swala kuja, sunali udhu, ndipo swala zawo zonse zinapita pachabe. Muli nkhalamba m'mzikiti muja zimene zatsala ndi swala basi, china chilichonse zinaluza. Alipo amene tinawasambitsa ndi madzi omwewo popita nawo kumanda. Ukufuna ana awo azigona akuganiza chiyani? Mawu ndi opepuka potuluka, mwanawe, koma akafika pamtima pa munthu amalemera."

Kafunse anawayang'ana amalume ake. Apa ndi pamene mabuku ake anayenera kugwira ntchito.

"Malume, sindikunena kuti ndi najisi. Mwa lamulo la chipembedzo madzi aja udhu amapangira, ndipo swala za anthu zilibe vuto. Zimenezo ndilemba m'kafukufuku wanga, ndipo ndikhoza kuzinena pamaso pa aliyense. Koma popanga udhu timatsukuluza m'kamwa. Ana a madrasa akaweruka amathamangira pamipope paja kukamwa. Munandiphunzitsa nokha kuti chipembedzo chimaletsa kudzipweteka ndi kupweteka wina, komanso kuti kuteteza moyo kuli pamwamba pa zinthu zambiri. Chinthu chikhoza kukhala chololedwa kusambira koma chili chakupha pomwa. Mzime ali pa diripi, malume."

A Shehe anayang'ana theka la madzi lotsala m'kapu muja.  Atalankhulanso, mawu awo anali atatsika.

"Wayankha bwino. Tikanakhala m'kalasi ndikanakupatsa malikisi onse. Koma thanki ija ukudziwa mwini wake. Anamanga ndi Apampando a komiti, sadaka ya malemu mayi awo. Dzina la mayiwo lili pakhoma paja. Aliyense womwa madzi aja, iwo amati mayi awo akulandira malipiro kumene aliko. Nde iwe ukufuna ine ndikawauze kuti sadaka ya mayi awo ikudwalitsa ana? Shehe amene analipo ine ndisanabwere anachoka chifukwa chongonena kuti makapeti amene Apampando anagula ndi oterera. Nyumba tikukhalayi ndi ya komiti. Mpunga ukudyawu ndi wa komiti. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachisanu lidutse, ndikawapeza pa okha, ndikayamba ndi nkhani zina, pang'onopang'ono mpaka tikafika pa thanki. Pakali pano usauze munthu, ndipo usakhudze mpope uliwonse. Wandimva?"

"Ndamva, malume."

Anamvadi. Kumva ndi kuvomera ndi zinthu ziwiri, koma amalume ake sanafunse chachiwiricho.

4. Bedi loyandikana

Lachisanu m'mawa Kafunse anapita kuchipatala kukasiya zovala zochapa. Wodi ya ana inali yodzadza, fungo la mankhwala opopera pansi lili guu. Mzime anali akupezako bwino, moti anayamba kale kudandaula kuti phala la m'chipatala lilibe shuga.

Pabedi loyandikana panagona mwana wina wa ku madrasa, mwana wa telala wa pafupi ndi mzikiti. Anali atabwera naye dzulo lake. Maso anali atalowa m'kati, milomo itauma gwa. Mayi ake anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akumudonthezera madzi m'kamwa ndi kasupuni kuchokera m'botolo lapulasitiki.

"Mwana wa a Shehe, mutipempherere," anatero mayiwo. "Anesi akuti azimwa pafupipafupi. Nde ine madzi a pano sindikuwakhulupirira, ndachita kuwatuma bambo ake akatunge a kumzikiti. Aja ndi madzi a sadaka, ali ndi madalitso."

Kafunse anayang'ana botolo lija. Anatambasula dzanja n'kulanda botololo, mwamphamvu kuposa m'mene ankafunira, mpaka madzi anatayikira pa bulangete.

"Iii, mwatani kodi?"

"Pepani mayi. Awa musamupatsenso. Chonde. Muzimupatsa a anesi, owiritsa aja." Anaitana nesi amene ankadutsa, n'kumunong'oneza. Nesi anayang'ana botolo, anayang'ana mwana, n'kupita nalo.

Mkazi wa telala anatsala kukamwa kuli yasa. Kafunse anatuluka m'wodimo akuthamanga. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma apa zinali zitatembenuka: odya anali akuluakulu, opotedwa anali ana. Mumtima mwake munali mantha ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo ndi umene unali ndi miyendo.

5. Chiwilo chofiira

Atafika kumzikiti dzuwa linali litakwera. Anyamata ankayala mikeka panja, pokonzekera amene sadzakwana m'kati. Ogulitsa mafuta onunkhira ndi makofiya anali atayala kale malonda awo pageti. Panali pasanafike anthu ambiri.

Kuseri kwa malo opangira udhu, pakati pa mbali ya abambo ndi ya amayi, panali kanyumba ka pampu. M'menemo munadutsa paipi yaikulu yopita kumipope yonse, ndipo pa paipiyo panali valavu, chotsekera madzi chokhala ndi chiwilo chofiira. Kafunse ankakadziwa kanyumbako kuyambira ali mwana, chifukwa n'kumene ankabisala akalakwa.

Anaima pakhomo pake. Anakumbukira nkhope ya amalume ake ponena za nyumba. Kenako anamva phokoso la mapazi: tiana tiwiri tinkathamangira kumipope, kamodzi katawerama kale kuti kaike kamwa.

"Inu! Chokani apo!"

Tianato tinabalalika. Kafunse analowa m'kanyumbamo, anagwira chiwilo ndi manja onse awiri n'kupotoza. Chinali cholimba ndi dzimbiri, chinamusupula khungu la m'manja, koma chinayenda mpaka chinafika pothera. Anatenga sipanala imene inkapachikidwa pamsomali, anamasula nati, n'kuzula chiwilocho kuti wina asatsegulenso. Anachiponya m'chikwama chake, n'kubwezera sipanala pamsomali.

Kenako anaimbira Magalasi. "Ndatseka. Bwera ndi zotsatira zonse, ukaime kunja kwa geti. Usalowe, usalankhule ndi munthu."

"Watseka? Amalume ako avomera?"

Kafunse anadula foni.

6. Mipope youma

Sipanatenge nthawi. Munthu woyamba anapinda malaya, anakhala pa kampando kasimenti, n'kutsegula mpope. Unatsokomola, unalavula madontho, basi. Anayesa wina, chimodzimodzi. Posakhalitsa mzere wonse unadzadza ndi abambo opinda manja a malaya, akupotoza mipope uku ndi uku ngati kuti mpope umamva kukakamiza.

"Magetsi azima kodi?"

"Magetsi alipo. Pampu ikulira iyo."

"Lachisanu lenileni madzi kuthawa? Itanani a Shehe!"

A Shehe anatuluka atavala kale mkanjo woyera wa ulaliki. Sanapite kumipope. Analunjika ku kanyumba ka pampu, anasuzumira, n'kuona chitsulo chopanda chiwilo. Atatembenuka, Kafunse anali ataima pamalire a mbali ya amayi.

"Wachita izi ndani?" Anafunsa mokweza, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Ndine, malume."

Phokoso lonse linatha. Amayi anasuzumira pampanda. Bambo wina wachikulire anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndi zimenezo za mayunivesitezi."

"Bweretsa."

Kafunse anayenda pakati pa anthu, maso onse ali pa iye. Anatulutsa chiwilo n'kuchiika m'dzanja la amalume ake. Analankhula motsitsa kuti amve iwo okha.

"Mwana wa telala ali pabedi loyandikana ndi Mzime. Ndapeza mayi ake akumumwetsa madzi a pano ndi supuni, akuti ali ndi madalitso. Ine ndakulakwirani, malume, ndipo chilango chilichonse ndilandira. Koma kutsegula sinditsegula. Ngati mukufuna atuluke, tsegulani ndi dzanja lanu."

A Shehe anaima ndi chiwilo chofiiracho m'manja. Kanyumba ka pampu kanali pomwepo, sipanala ili pamsomali. Anthu ankadikira, ena akuyang'ana dzuwa, chifukwa nthawi ya swala siidikira munthu. Telala mwiniwake anali pamzere womwewo, malaya atapinda, osadziwa kuti amene akunenedwayo ndi mwana wake.

A Shehe anamuyang'ana telalayo kwa kanthawi. Kenako anapisa chiwilo m'thumba la mkanjo.

"Abale anga, madzi a m'thanki lero sitigwiritsa ntchito. Udhu umene munapanga nawo m'mbuyomu ndi wabwino, swala zanu ndi zabwino, pasakhale wokayika. Koma apezeka ndi tizilombo todwalitsa, ndipo chipembedzo sichilola kuti timwetse ana athu matenda. Anyamata, tengani zidebe zonse, thamangani ku mjigo wa pamsewu. Ulaliki uchedwa pang'ono. Inu a telala, musadikire swala, musayambe ndi mafunso, imbani kuchipatala muwauze mayi a kunyumba kuti madzi aja ataye."

Panabuka chiphokoso. Ena ankafunsa, ena ankatsutsa, koma zidebe zinayamba kuyenda. Kafunse anamva misozi ikubwera, ya mpumulo. Koma anali atafulumira kusangalala.

Pageti panaima galimoto yoyera. Anthu anapatuka okha. Apampando anatsika, mkanjo wawo uli waliwali, anayenda mpaka pamipope, n'kutsegula umene unali pansi penipeni pa dzina la mayi awo. Sunatuluke kanthu. Munthu wina, mwa anthu aja osasowa pamalo otere, anawanong'oneza kukhutu.

Apampando sanakweze mawu. "A Shehe, ndikumva kuti madzi a mayi anga akupha ana. Mwalengeza ndinu?"

"Ndalengeza ndine."

"Ndipo watseka ndi mtsikanayu?"

"Chiwilo chili m'thumba mwanga. Funso lililonse libwere kwa ine."

"Chabwino. Swalitsani anthu, si ine woimitsa swala. Mukatha mundipeze ku ofesi ya komiti." Anayamba kuyenda, kenako anatembenuka. "Mutengenso makiyi a nyumba."

Onse anamva.  Mnyamata woyamba anafika ndi chidebe, ndipo a Shehe anakhala pa kampando kasimenti, n'kupanga udhu ndi madzi a pamjigo, modekha, ngati tsiku lina lililonse. Atamaliza anadutsa pamene Kafunse anaima. 

"Usalire pagulu," anatero osamuyang'ana. "Pita kunyumba ukapeze makatoni. Uyambe ndi mabuku a pashelefu yapamwamba. Mayi ake a Mzime kuchipatala kuja usawauze kaye."

Analowa m'mzikiti, ndipo azana yoitanira anthu ku swala inayamba.

Kafunse anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Nyumba inali kumanzere. Iye anakhotera kumanja, anakodola Magalasi pageti, ndipo awiriwo anakakhala pabenchi la pakhomo pa ofesi ya komiti, zotsatira zija zili m'manja, kudikira kuti swala ithe awaonetse Apampando.